Phindu la manyowa labisala mu dizilo wa khonsolo

Anthu akamva kuti ndimalangiza mabizinesi osamala chilengedwe m'mizinda, amayembekezera nkhani za magetsi a dzuwa kapena kubzala mitengo. Komatu nthawi yanga yambiri imathera pa milu ya kabichi woola. Mbali yaikulu ya zinyalala za m'mizinda yathu ndi zinthu zowola: masamba, makoko a nthochi, tomato wophwanyika, zotsala kukhitchini. Zonsezi ndi manyowa amene sanapangidwe, n'chifukwa chake magulu a achinyamata ndi amayi amathamangira bizinesi imeneyi. Chimene chimawagwetsa si kapangidwe ayi.

Kapangidwe n'kosavuta. Mumasanjikiza zaziwisi ndi zouma monga udzu kapena utuchi, n'kuwaza madzi. Mukafinya m'dzanja zisadonthe madzi, komanso zisayoyoke. Pakapita masiku ochepa mulu umatentha, ndipo mkati mukafika madigiri 55 mpaka 65, njere za udzu ndi tizilombo toyambitsa matenda zimafa. Mulu umafuna mpweya, choncho fosholo isatalikire. Mukachita ulesi kutembenuza, fungo lake lidzakudanitsani ndi dera lonse. Pakatha miyezi iwiri kapena itatu manyowa apsa, akuda bii, koma mulu uja watsika pafupifupi ndi theka.

Tsopano tiwerengere limodzi. Zinyalala zimabwera tsiku ndi tsiku, aganyu amafuna zawo Loweruka lililonse, pamene alimi ambiri amakumbuka manyowa mvula ikayandikira, cha mu Okutobala. Miyezi yonseyi ndalama zagona pamulu. Thumba la manyowa ndi lolemera koma mtengo wake ndi wotsika, moti mukalikweza galimoto kupita nalo kutali, phindu lonse latsalira kwa dalaivala. Ndiye pali kusankha. Zinyalala zikabwera zosakanikirana, munthu amakhala tsiku lathunthu atawerama, kutola zidutswa za mabotolo, mabatire, matewera ndi majumbo. Kagalasi kamodzi kakamucheka mlimi wa kudimba, ameneyo sadzabweranso, ndipo auza anzake.

Majumbowo ali ndi nkhani yawoyawo. Boma linaletsa mapulasitiki opyapyala osafika ma micron 60 mu 2015, khoti la Supreme linagwirizana ndi chiletsocho mu 2019, ndipo Gloria Majiga-Kamoto analandira mphoto ya Goldman mu 2021 chifukwa cha nkhondo imeneyi. Koma jumbo lililonse lothawa lamulo limakathera m'manja mwa wosefa manyowa. Kulimbikitsa lamuloli n'kuthandiza bizinesi yake, ngakhale palibe amene amaziona choncho.

Nanga ndalama zili pati? Zili pa ulendo wa lole umene sunachitike. Skip, bini yaikulu ya zinyalala, ikadzaza pamsika wa Limbe imayenera kukatayidwa kumtaya wa ku Mzedi. Ya ku Lilongwe ulendo wake ndi wa ku Area 38. Ulendo uliwonse umadya dizilo, matayala ndi malipiro, ndipo zimene zanyamulidwazo mbali yaikulu ndi madzi a m'masamba. Gulu limene likuwoletsa zinyalala pafupi ndi msika likupulumutsira khonsolo ndalama zimenezi, koma nthawi zambiri sililandira kanthu. Ine ndimati ichi n'chinyengo, ngakhale sichichitika mwadala. Khonsolo itamalipira gululo kagawo ka ndalama zomwe yapulumutsa pa tani iliyonse, malonda a manyowa angakhale ongowonjezera, osati mzati wa bizinesi.

Zina sizifuna n'komwe ndalama. Kamalo kapafupi ndi msika, kokhala ndi mpopi, koperekedwa ndi pepala la zaka zingapo, kamachititsa munthu kulimba mtima kumanga shedi. Malo ongouzidwa pakamwa palibe amene angathirepo simenti. Mkulu wa pamsika akagwirizana ndi mavenda kuti zowola zikhale ndi bini yakeyake, ntchito yosankha ija yachepa. Ndipo khonsolo ili ndi nazale, maluwa a m'misewu ndi mapaki, zimene zimafuna manyowa chaka chonse, chilimwe chomwe. Ikhale kasitomala woyamba.

Maphunziro a m'mahotela ndi masatifiketi tawaona okwanira. Inu awerengi, khansala wa dera lanu akadzaitanitsa msonkhano, mukamufunse kuti khonsolo imawononga ndalama zingati pa ulendo umodzi wa kumtaya, komanso kuti ndi malo ati amene yapatula pafupi ndi msika wanu.