Phiri lakuda la ku Kitwe: chuma chotsalira m'zotaya

June akafika, anthu a ku Wusakile mumzinda wa Kitwe ku Zambia amakumbukira ngozi ya mu 2018, pamene mbali ina ya Black Mountain inagumuka n'kupha anthu osachepera 10 amene ankakumba m'munsi mwake. Phirili silinachite kumera. Ndi mulu wa zotsalira zomwe ng'anjo yosungunulira mkuwa ya ku Nkana inkataya kuyambira m'ma 1930. Kalelo maso anali pa mkuwa, ndipo cobalt wambiri ankapita limodzi ndi zotayazo. Lero opanga mabatire a mafoni ndi a galimoto zamagetsi akumufuna usana ndi usiku.

Mayi wina amafika pamalopa kusanache, atadzimanga kansalu kumphuno poopa fumbi. Sakwera kumene makina akukumba. Amadikira pansi, pomwe matipa akhuthula. Akatola chidutswa amayamba wachiyeza m'dzanja. Chopepuka amaponyera kumbali. Cholemera, cha madontho obiriwira, amachigogoda ndi kanyundo, n'kuchiyang'anitsitsa pamene chasweka, kenako n'kuchiponya m'thumba la feteleza. Zala zake n'zong'ambikang'ambika, poti miyalayi ndi yakuthwa ngati mabotolo osweka. Madzulo wogula amakoleka thumbalo pasikelo, mtengo n'kutchula yekha. Mayiyo alibe pokanira, ana akudikira ufa.

Mkangano wagona pa funso limodzi: zotayazi n'zayani? Boma linapereka gawo lina la phirili kwa okumba ang'onoang'ono mu 2018, n'kuperekanso mu 2022 kwa magulu a achinyamata ndi amayi. Ena amati kumeneku n'kumwaza chuma, chifukwa cobalt anamatirira mkati mwa mwala ndipo amatuluka mwalawo ukasungunulidwanso m'ng'anjo yamphamvu. Amaloza ku Lubumbashi, tsidya lina la malire, komwe mulu wotere ukutulutsa germanium, chitsulo chimene China inayamba kuchepetsa kugulitsa kunja mu 2023. Mfundoyo ndi yomveka. Koma anthu a ku Wusakile apuma fumbi la phirili kuyambira nthawi ya agogo awo, pamene panalibe amene ankalitcha chuma. Kuwathamangitsa lero kuti fakitale idye yokha sichingakhale chilungamo. Chimene akusowa ndi malo otetezeka ogwirirapo ntchito komanso mtengo woyezedwa poyera.

Phirilo likunka litsika. Matipa odzaza amadutsa pafupi ndi nyumba za anthu, ndipo amayi ena ayamba kuyanika zovala kuseri kwa nyumba, mbali yosayang'ana kumsewu.