Pepala la nyongolotsi: pamene kulembetsa mankhwala a m'munda kumaima

Pali anthu amagulu awiri amene akudandaula nkhani imodzi ngakhale kuti sadziwana. Oyamba ndi alimi a m'madimba, makamaka aja anaphunzira kuweta nyongolotsi zopangira manyowa. Amagula mankhwala opopera pamsika, wogulitsa n'kuwatsimikizira kuti, "Awa ndi oyezedwa bambo, savuta." Akathira zotsalira za masamba opoperawo m'dzenje la manyowa, pomatha masabata angapo m'dzenjemo muli zii. Achiwiri ndi achinyamata ndi magulu a alimi amene apanga okha mankhwala kuchokera ku nimu kapena ombwe, ndipo akufuna kuwaika m'mabotolo n'kumagulitsa mwalamulo. Awa amakabwerera pa fomu, akafika pamizere yofunsa kuopsa kwa mankhwalawo ku njuchi, nsomba, mbalame ndi nyongolotsi. Onsewa akupunthwa pa pepala limodzi, choncho ndi bwino tidziwe kumene limachokera.

Za lamulo sitichedwapo. Lamulo la mankhwala ophera tizilombo la chaka cha 2000 linakhazikitsa bungwe la Pesticides Control Board, lomwe lili ku Bvumbwe, ndipo limaletsa kuitanitsa, kupanga kapena kugulitsa mankhwala amene sanalowe m'kaundula. Cholinga chake n'kuteteza anthu, ziweto ndi chilengedwe, monga mmene zimalembedwera m'timabuku tonse ta kumisonkhano. Nkhani yagona pa mulu wa maumboni umene wolembetsa ayenera kupereka, ndipo limodzi mwa mapepala ake ndi la nyongolotsi.

Njira yoyezera imene mayiko ambiri amatsatira ndi ya bungwe la OECD, nambala 207, yomwe inavomerezedwa mu 1984. Musayembekezere kuti akatswiri amapita kumunda ndi khasu. Dothi lake amachita kupanga: magawo 70 pa 100 ndi mchenga wosalala, magawo 20 ndi dongo loyera la kaolin, magawo 10 ndi peat, zomera zowolerana za m'madambo a mayiko ozizira. Amathiramo laimu pang'ono kuti asidi wa dothilo aime pa pH 6, kenako madzi. Nyongolotsi zakenso si zathu zija ana amakumba m'mbali mwa dambo akafuna nyambo. Ndi zofiira za mtundu wa Eisenia fetida, zokhala m'manyowa, zomwe zinasankhidwa chifukwa zimaswana msanga m'bokosi. Iliyonse ikhale yokhwima, ya miyezi iwiri kapena kuposerapo, yooneka kale kalamba kotupa kaja cha kumutu, ndipo ilemere pakati pa mamiligalamu 300 ndi 600.

Mankhwalawo amawasakaniza ndi dothi pa milingo isanu, kuyambira wochepa mpaka wochuluka. Mlingo uliwonse uli ndi mabotolo agalasi anayi, botolo lililonse magalamu 750 a dothi lonyowa ndi nyongolotsi khumi. Pambali pamakhala mabotolo ena anayi opanda mankhwala, ofananizira. Zonse pamodzi ndi nyongolotsi 240. Chipinda chimasungidwa pa madigiri 20, ndipo nyale sizizima usana ndi usiku, chifukwa nyongolotsi imadana ndi kuwala, ndiye imakakamizika kukhala m'dothi lapoizonilo m'malo mokwera m'khoma la botolo. Chakudya sizipatsidwa.

Pa tsiku la 7 amakhuthula dothi pa thireyi n'kuzisanthula ndi manja. Nyongolotsi iliyonse amaigunda pang'ono cha kumutu. Ikapanda kugwedezeka, yafa. Imene sikuoneka imawerengedwanso kuti yafa, poti nyongolotsi ikafa m'dothi lonyowa imasungunuka msanga. Zamoyo zimabwezedwa m'botolo, ndipo pa tsiku la 14 amawerenganso komaliza. M'mabotolo opanda mankhwala aja zikafa zopitirira imodzi pa khumi zilizonse, ntchito yonse yapita m'madzi, ayambirenso. Pamapeto pake pamatuluka nambala imodzi yotchedwa LC50, kutanthauza mamiligalamu a mankhwala pa kilogalamu ya dothi louma amene amapha theka la nyongolotsi. Nambala ikachepa, ndiye kuti mankhwalawo ndi oopsa. Amene LC50 yake ili pansi pa 10 amaonedwa ngati akupha kwambiri, pamene opitirira 1,000 amati ali ndi chiopsezo chochepa.

Munthu akamva zimenezi amati, masabata awiri okha, mabotolo ndi mchenga, chovuta n'chiyani? Apa ndi pamene ambiri amagwa ulesi. Ntchitoyi ingathe kuchitika m'chipinda chilichonse chozizira bwino, koma pepala lake sililemekezedwa pokhapokha litachokera ku laboratale yotsatira ndondomeko ya GLP, imene imayenderedwa ndi oyang'anira, imasunga cholembedwa chilichonse, ndipo sikelo iliyonse ili ndi mbiri yake. Mu 1981 mayiko a OECD anagwirizana kuti zotsatira za laboratale zoterezi zizilandiridwa m'mayiko onse a mgwirizanowo popanda kubwereza, ndipo South Africa inalowa nawo mu 2003. Kampani yaikulu ya ku Germany, Switzerland kapena India inayeza kale mankhwala ake zaka zapitazo, ndiye ikafika kuno imangotulutsa pepala m'fayilo. Gulu la amayi lopanga mankhwala a nimu liyenera kuyambira pansi.

Ndipo poyambira pake si pa nyongolotsi. Laboratale isanayambe, imafuna kudziwa chimene chili m'botolo mwanu ndi kuchuluka kwake, zomwe zimafuna kuyeza kwina, kolipira padera. Nimu wothyola mu Meyi sangafanane mphamvu ndi wothyola mu Okutobala, choncho muyenera kuonetsa kuti botolo la lero ndi la mawa ndi chinthu chimodzi. Kenako pali kutumiza mankhwalawo kunja, ndi zilolezo zake. Malipiro ndi a ndalama zakunja, ndipo aliyense amene wapemphako madola kubanki zaka zino akudziwa kuti yankho lake ndi lakuti tidzakuimbirani. Pepala la nyongolotsi likabwera, la njuchi ndi la nsomba akudikira, osaiwala kuyesa mankhwalawo m'minda ya kafukufuku kuno kwathu kuti aone ngati amaphadi tizilombo. Kumeneko kumayendera nyengo ya mvula, ndiye mukachedwa ndi mwezi umodzi mwataya chaka.

Ndalama zolembedwa pa fomu ndi zochepa poyerekeza ndi zimenezi, ndipo palibe amene amakuwerengerani zonse tsiku loyamba. Ndi chizolowezi cha maofesi athu ambiri, osati a zaulimi okha, kukuuzani chosowa chimodzi pa ulendo uliwonse. Mubwere ndi chimenecho, akuuzani china. Wosainira ali ku semina kunyanja. Sikuti anthuwo ndi oipa mtima. Kawirikawiri ndi ochepa, ntchito ndi yambiri, galimoto ilibe mafuta. Koma mndandanda wathunthu wa zofunika, wolembedwa m'Chichewa pa tsamba limodzi n'kumatidwa pakhomo, sufuna mafuta.

Tibwerere kwa mlimi wa dzenje la manyowa uja, chifukwa iye ndi amene amanamizidwa ndi pepala lomweli. Tingoyerekeza kuti wogulitsa ananena zoona, mankhwalawo anayezedwadi. Chimene nambala ya LC50 imawerenga ndi imfa yokha, m'masiku 14. Nyongolotsi imene yaonda, yasiya kukumba, kapena yasiya kuikira mazira imawerengedwa kuti ili moyo, ngakhale kuti kwa mlimi yatha ntchito. Pali mankhwala, monga carbendazim wopha matenda a chiwawu ndi nkhungu komanso imidacloprid wopha nsabwe za m'masamba, amene amadziwika kuti amasokoneza nyongolotsi pa milingo yotsika kuposa imene imazipha. N'chifukwa chake mu 2004 OECD inatulutsa njira ina, nambala 222, ya masiku 56, yowerenga ana amene aswedwa. Mayiko a European Union anafika posiya kufuna kuyeza kwa masiku 14 kuja m'malamulo awo a mu 2013, n'kutsamira pa kuyeza kuswana. Ife tikamalandira nambala ya LC50 yokha ngati umboni wokwanira, tikuvala malaya amene eni ake anavula.

Palinso nkhani ya kutentha ndi dothi. Madigiri 20 si a ku Nsanje kapena Chikwawa mu Novembala. Katondo wathu wofiira alibe zowolerana zochuluka ngati dothi lopanga lija, pamene zowolerana ndi zimene zimagwira mankhwala ambiri kuti asafike pakhungu la nyongolotsi. Akatswiri ku Brazil ndi ku Sri Lanka ayesapo kusintha njirayi pogwiritsa ntchito makoko a kokonati m'malo mwa peat ndi kukweza kutentha, ndipo zotsatira za mankhwala ena zinasintha. Pepala lochokera ku Ulaya ndi poyambira pabwino, koma silinena zonse za munda wa ku Mchinji.

Mzere wa utoto umene uli m'munsi mwa lebulo usakupusitseninso. Wofiira, wachikasu, wabuluu kapena wobiriwira, umanena za kuopsa kwa mankhwala kwa munthu. Botolo la mzere wobiriwira lingathe kukhala loipa kwa nyongolotsi kapena njuchi.

Zonsezi tikunena za mankhwala olembetsedwa. Chibwerereni mbozi za ntchemberezandonda zachilendo zija, zomwe zinachititsa boma kulengeza mu Disembala 2017 kuti maboma 20 agwa m'ngozi, kupopera chimanga kunafala, ndipo nawo malonda a mankhwala opungulira m'timabotolo ta zakumwa anakula. Kabotolo kopanda lebulo kalibe nambala ya m'kaundula, kalibe tsiku lothera mphamvu, ndipo palibe nyongolotsi imene inayezedwapo. Chokhumudwitsa n'chakuti wofuna kutsata lamulo amadikira zaka, pamene wopungulira m'botolo la Fanta wayala kale pamsika loweruka lino.

Inu ogula, musalandire mankhwala amene sali m'botolo lake lenileni, lomata bwino, lokhala ndi lebulo yonena dzina la mankhwala enieni amene ali m'katimo. Pemphani wogulitsa akuonetseni chiphaso chake. Ngati mumaweta nyongolotsi kapena njuchi, funsani pepala lotchedwa Safety Data Sheet, muone gawo 12, lomwe limanena za chilengedwe, ndipo alangizi akuthandizeni kuwerenga. Wogulitsa amene sadziwa n'komwe kuti pepalalo liliko, musiyeni. Zotsalira za mbewu zopopera kumene zisalowe m'dzenje la nyongolotsi, ndiponso madzi otsukira sipuleya asathiridwe pafupi nalo. Inu ofuna kulembetsa mankhwala anu, musanalipire khobidi kwina kulikonse, pemphani mndandanda wonse wa zofunika, molemba, ndipo mufunse ngati mankhwala ochokera ku zomera ali ndi njira yakeyake. Yankho lake likhale pa pepala lodindidwa, musalilandire pakamwa.