Ziwerengero za matenda athu: kodi ife eni ake tingathe kuziwerenga?

Akhristu anzathu ndi alimi a kuno ku Malambo, tonse tikudziwa kuti ndife anthu olembedwa kwambiri. Mayi akapita ndi mwana ku sikelo, anamwino amalemba. Wodwala akabayidwa chala kuti amupime malungo, amalembanso. Mwezi ukatha amawonkhetsa zonse n'kutumiza ku ofesi ya zaumoyo pa boma, kumene zimalowa mu kompyuta pa pulogalamu yotchedwa DHIS2, imene akatswiri a pa yunivesite ya Oslo ku Norway amaiyang'anira. Mu kalembera wa 2022 achinyamata anafika m'makomo mwathu ndi timakina ta m'manja m'malo mwa mapepala, ndipo tinamva kuti m'Zambia muno tapitirira 19 miliyoni. Ziwerengero zimakwera bwino ndithu kupita ku Lusaka. Nanga pobwerera?

Lamulungu lina Misa itatha tinakhala anthu asanu pansi pa mtengo wa mango: mphunzitsi, mayi wa m'komiti ya zaumoyo, alimi awiri a thonje ndi ife. Funso lathu linali limodzi: m'boma la Mambwe, kodi malungo akuchepa kapena akuchuluka? Tinatsegula pa foni tsamba lina la boma la pa intaneti. Zonse zinali m'Chingerezi, ndiponso Chingerezi cha madokotala, choti ngakhale ife amene tinalawako Chilatini ku seminale tinakanda mutu. Mphunzitsi anadina pamene ankaganiza kuti pali yankho, ndipo panayamba kutsika chibuku chachikulu chimene chinamaliza bando yonse chisanatseguke. Titagula ina, tinapeza ziwerengero za chigawo chonse cha Kum'mawa pamodzi. Koma ndani sadziwa kuti kutentha ndi udzudzu wa m'mbali mwa Lupande si chimodzimodzi ndi za kumtunda ku Chipata?

Sitikunena kuti amene anakonza tsambalo ndi aulesi, ayi. Mmisiri amadziwa pamene anaika chitseko, choncho iye sasochera m'nyumba imene wamanga yekha. N'chifukwa chake anthu a ntchito imeneyi ali ndi mwambo woyesa tsamba ndi anthu wamba lisanaperekedwe ku mtundu. Kayesedwe kake n'kosavuta. Amaitana munthu amene sanalionepo, n'kumupatsa ntchito imodzi, monga kupeza chiwerengero cha ana amene anabadwira kuchipatala m'boma lake chaka chatha. Kenaka amakhala chete n'kumaona zala zake: wadina pati, waima pati, wabwerera kangati, wagwa ulesi pa mphindi iti. Saloledwa kumuthandiza. Munthuyo akalephera, cholephera ndi tsamba, osati iye.

Katswiri wina wa zimenezi, Jakob Nielsen, analemba mu 2000 kuti anthu asanu okha amakwanira kuonetsa zovuta pafupifupi 85 mwa 100 zilizonse za tsamba, ndipo kuli bwino kuyesa kangapo ndi anthu ochepa, kukonza, n'kuyesanso. Ndiye kuti pansi pa mango paja tinali okwanira kale; panangosowa wolemba zimene tinapunthwapo.

Apa tichenjezeko amene angabwere kudzatiyesa. Musadzatifunse kuti, "Kodi tsambali lili bwino?" Munthu wa kuno, poona mlendo wobwera pa galimoto ya boma, adzayankha kuti lili bwino kwambiri bwana, ngakhale sanamvepo kanthu. Ndi ulemu wathu, ndipo ife akatekisti timaudziwa bwino: ophunzira onse amagwedeza mutu mpaka tsiku la mafunso. Musadzayesenso mu ofesi ya ku Lusaka yokhala ndi magetsi ndi netiweki yamphamvu. Bwerani kwa Msoro, kwa Jumbe, kwa Kakumbi kapena ku Chikowa m'mwezi wa February, mitsinje itadzaza, pa foni yotsika mtengo yosweka galasi, imene mwini wake amakaitchaja pa sola ya mnzake.

Wina anganene kuti mlimi ali nazo chiyani ziwerengero, bola njovu zisamudyere chimanga. Koma malungo amakula nthawi ya dzinja, pamene banja lonse likufunika m'munda kupalira, ndipo sabata imodzi pamphasa imaoneka pokolola. Chinanso, mu 2022 ndalama za CDF zinakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu aliyense, ndipo zopempha zimayambira m'makomiti a chitukuko a m'mawadi. Mudzi wopempha kachipatala kapena nyumba yodikirira amayi apakati umamveka msanga ukafika ndi manambala m'manja kusiyana ndi wongonena kuti tikuvutika.

Chimene tikupempha n'chochepa: tsamba limodzi lopepuka la boma lililonse, m'Chinyanja, loonetsa matenda akuluakulu mwezi ndi mwezi, loyesedwa ndi anthu ngati asanu aja. Poyembekeza zimenezi, tapempha atsogoleri a miphakati kuti akapita ku kiliniki azipempha mwaulemu kukopera ziwerengero zimene anamwino amamata pakhoma, n'kubwera nazo ku msonkhano wa bungwe la parishi mwezi wamawa.