Za Roger Bannister, Wothamanga Amene Anakhala Dotolo

Alipo makolo ena amene akaona mwana wao ali kuthamanga pa bwalo la sukulu amadandaula, nanena kuti mwanayo ali kutaya nthawi ya mabuku. Mau amenewa ali nacho choona chake, pakuti mwana wosewera kufikira mdima, naiwala samu zake, sadzapita patsogolo. Koma masewera okhala ndi nthawi yake ndi malire ake sachita udani ndi maphunziro. Mbiri ya mnyamata wina wa ku England isonyeza bwino umo ziwirizi zithandizirana.

Dzina lake ndiye Roger Bannister, ndipo anabadwa m'chaka cha 1929. Atatsiriza sukulu zazing'ono analowa sukulu yaikulu ya ku Oxford kukaphunzira udotolo. Pambuyo pake anapita ku chipatala cha mu mzinda wa London kukaphunzira pakati pa odwala. Maphunziro a udotolo ali olemetsa ndithu. Wophunzira ayenera kudziwa mafupa onse ndi mitsempha yonse ya m'thupi, ndi maina a nthenda ndi mankhwala ake, nayenderanso odwala usana ndi usiku. Chinkana zinatero, Bannister anali waliwiro woposa anzake, ndipo sanafune kuleka kuthamanga.

M'chaka cha 1952 anamtuma ku Helsinki, ku dziko la Finland, ku masewera a Olimpiki, kumene asonkhana aliwiro a maiko onse. Anthu a kwao anayembekeza kuti adzapambana pa mtunda wa mamita 1,500. Koma kumeneko anamthamangitsa masiku atatu otsatana, chinthu chimene sanachikonzekere, ndipo tsiku lotsiriza anafika wachinai, nabwerera kwao wopanda mphotho. Anachita manyazi kwambiri, nalingalira za kulekeratu. Atasinkhasinkha, anadziikira ntchito ina yovuta koposa.

Masiku amenewo panalibe munthu amene anathamanga mailo imodzi mphindi zinai zisanakwane. Mailo ndiyo mamita 1,609. Munthu wamkulu woyenda bwino aimaliza pa mphindi ngati 20. Chiyambire 1945 liwiro loposa lonse linali mphindi 4 ndi masekondi 1.4, ndipo zaka zinapita wopanda wolichepetsa.

Tsono Bannister akanaipeza kuti nthawi? Analibe ina koma ya chakudya cha masana. Anzake akapita kukadya, iye anali kupita ku bwalo lapafupi, nathamanga nthawi yosafika ora limodzi, nabwerera kwa odwala. Popeza nthawi inachepa chotere, sanathamange chisawawa. Anagawa mailo m'zigawo zinai, chigawo chimodzi ndicho kuzungulira bwalo kamodzi. Anali kuzungulira kamodzi ndi mphamvu, napuma pang'ono, nazunguliranso, kufikira kakhumi, wotchi ili m'manja, nayesa kuti chigawo chilichonse chitsike kufikira masekondi 60. Imeneyi ndi samu yomwe ija ya pa sileti: zigawo zinai za masekondi 60 zipanga mphindi zinai. Wophunzira amene agawa mutu wovuta m'zigawo zazing'ono, nabwereza chigawo chimodzi kufikira achidziwa, achita monga momwemo.

Kuthamanga kunamthandizanso pa maphunziro ake enieni. Munthu akathamanga, mtima wake ugunda msanga, nutumiza mwazi wambiri m'thupi lonse. Mwaziwo utenga m'mapapo mpweya wotchedwa okisijeni, nuupereka ku minofu ndi ku bongo. Mtima wozolowera ntchito imeneyi ukhala wamphamvu, ndipo mwini wake akapuma ugunda pang'onopang'ono. Munthuyo agona tulo tabwino, nadzuka ndi mutu wopepuka. Bannister sanangowerenga izi m'buku, anazimva m'chifuwa mwake. Ali ku Oxford anayesa anthu othamanga pa makina, nawapumitsa mpweya woonjezedwa okisijeni, kuti aone ngati adzachedwa kutopa. Mafunso amene miyendo yake inamfunsa pa bwalo, anakawafunira mayankho m'nyumba ya maphunziro.

Tsiku la 6 May 1954 linafika. M'mawa anapita ku chipatala monga mwa masiku onse, nanola misomali ya nsapato zake zothamangira pa mwala wonolera, nakwera sitima ya pamtunda kunka ku Oxford. Kunali mphepo yaikulu, ndipo anatsala pang'ono kuchedwetsa chiyeso chake. Koma madzulo mphepo inaleka. Sanathamange yekha. Bwenzi lake Chris Brasher linatsogolera zigawo ziwiri zoyamba kuti liwiro likhale loyenera, kenaka Chris Chataway analandira ntchitoyo. Awiriwa anadziwa kuti ulemu sudzakhala wao, koma anadzipereka. Pa chigawo chotsiriza Bannister anapitirira, nafika pa chingwe, nagwa m'manja mwa anthu mphamvu zitamthera. Wolengeza nthawi atangotchula kuti mphindi zitatu, khamu linapfuula kotero kuti mau otsalawo sanamveke. Nthawiyo inali mphindi 3 ndi masekondi 59.4.

Ulemu umenewu sunakhalitse. Atapita masiku 46 okha, John Landy wa ku Australia anathamanga msanga koposa iye. Mwezi wa August awiriwo anakomana ku Vancouver, ku dziko la Canada, ndipo Bannister anampitirira Landy pafupi ndi chingwe.

Chaka chomwecho anapambana mayeso ake a udotolo, ndipo chisanathe analeka mipikisano yonse, ali ndi zaka 25 zokha, miyendo yake ikali yamphamvu. Ambiri anazizwa nazo, pakuti nchapatali kuti mnyamata asiye chinthu chimene anthu amtamanda nacho. Koma iye anaona kuti odwala afuna nthawi yake yonse. Anakhala dotolo wa nthenda za bongo ndi mitsempha, nagwira ntchito imeneyo zaka zambiri, nalembanso mabuku ophunzitsa madotolo ena. Atakalamba, anthu akamfunsa za mailo ija, anali kuyankha kuti akondwera koposa ndi ntchito yake ya udotolo. Anamwalira ku Oxford m'chaka cha 2018, ndipo bwalo limene anathamangapo lichedwa ndi dzina lake.