Msewu wakula, khonde la Mchesi lachepa

Pomwe Lilongwe amakwanitsa zaka 50 ali likulu la dziko mu 2025, mphatso yomwe aliyense adaiona ndi maso idali misewu. Chitsegulireni mphambano yodutsana m'mwamba ya ku Area 18 mu 2020, akatapila sadapume. Misewu ya Kenyatta ndi Mzimba idakuzidwa, wa M1 wolowera ku Kanengo nawo udatambasuka, kenaka ntchito idafika kumene mzindawu udabadwira, ku Old Town, komwe mlatho wa pamtsinje wa Lilongwe ndi msewu wokwera cha ku Mchesi ndi ku Biwi zidakuzidwa.

Mitengo ya m'mbali mwa msewu wa Kenyatta itadulidwa mu 2021, mkuwo udamveka dziko lonse. Kutsidya kuno kwa mtsinje, cha ku Mchesi, mitengo yolirira idali yochepa. Chomwe chidamera m'mbali mwa msewu ndi anthu ndi ntchito zawo. Boma la atsamunda lidakhazikika ku Lilongwe mu 1904, ndipo pa kalembera wa 1966 tauniyi idali ndi anthu osakwana 20,000. Pofika 2018 adali pafupifupi 990,000. Likulu latsopano lidamangidwa kumpoto, pamalo otakasuka, koma msika, depoti ya mabasi, mzikiti ndi mashopu akale zidatsala kuno, ndipo onse amadzapanikizana pa mlatho umodzi. Palibe amene adakhalapo pa mdipiti wa galimoto wa pamlathowo madzulo angakane kuti msewu umafunika kukula.

Cha ku Mchesi kuli bambo wina wopala matabwa, wa imvi za m'mbali, yemwe pensulo siichoka kukhutu kwawo. Shedi yawo ndi ya malata akale ndi zigamba za matabwa, yobwereka kwa mwini nyumba yomwe ili kuseri kwake. Mkatimo muli benchi lopalira lomwe lidachita kulowa pakati chifukwa cha kutha, landa ziwiri, sowo, matchizulo ndi chitini cha guluu. Matabwa a paini atsamira kukhoma, ndipo pakona pali zidutswa zingapo za mlombwa zomwe amazisungira kasitomala wodziwa mtengo. Koma shopu yawo yeniyeni sidali mkatimo. Idali panja, pa kadanga ka pakati pa shedi ndi phula.

M'mawa uliwonse anyamata awo awiri ankatulutsa katundu n'kumundandalika moyang'ana kumsewu: mabedi atatsamira chammbali, kabati ya magalasi pakati, mipando ya sofa yokutidwa ndi pulasitiki kutsogolo. Wodutsa pagalimoto ankaona, kupatuka, kuima pa dothipo n'kuyamba kunenerera mtengo zenera lili chitsitsire. Ambiri sankagula tsiku lomwelo. Ankabweranso mwezi ukatha.

M'nyengo ya ntchito ya msewu, mdani woyamba adali fumbi. Vanishi safuna fumbi ngakhale pang'ono. Ukapaka kabati n'kudutsa lole ya dothi, m'mawa mwake umapeza nkhope yonse ili ndi timibulu, ndiye ubwerezenso ndi sandipepa, ugulenso vanishi wina. Bambowa adayamba kupaka m'bandakucha magalimoto asadayambe kuyenda, kapena kudikira Lamulungu. Galimoto yothira madzi ikadutsa, fumbi linkagona kwa kanthawi, dzuwa likakwera n'kudzukanso. Mvula itabwera, vuto lidasanduka matope ndi madzi osowa kolowera.

Lero fumbi lidatha, phula ndi losalala, koma kadanga kaja kadalowa mumsewu. Patsogolo pa shedi pali ngalande yakonkire ndi mpanda waufupi wa m'mphepete mwa msewu. Galimoto ilibe poima, ndipo woyendetsa yemwe kale ankayenda pang'onopang'ono n'kumaponya maso kumbali, tsopano amangodutsa. Bambowa adayala matabwa atatu pangalandepo kuti anthu aziwolokera. Bedi logulidwa limanyamulidwa pamutu mpaka pomwe kagalimoto kahayala kapeza poima. Akuti ntchito zambiri zomwe akupeza masiku ano ndi za makasitomala akale owaimbira foni, ndipo mnyamata wawo wamng'ono ndiye amajambula katundu n'kumutumiza pa WhatsApp.

Kadangako sikankadyetsa iwo okha. Mayi wophika nsima ya masana ankadalira amisiri a mzere wonsewo. Amayi ena ankabwera kudzatola zopalapala zosonkhera moto, oweta nkhuku n'kumagula utuchi pa thumba. Panali wowotcherera zitsulo yemwe ankapanga mageti ndi mafelemu a mawindo, wosoka makushoni, ndi akabaza odikira wonyamula katundu. Mmodzi akagulitsa, ndalamayo inkayenda manja angapo dzuwa lisanalowe.

Apa ndi pomwe pagona mkangano womwe sukutha m'makambirano a anthu a m'derali: kodi kadanga kaja kadali ka yani?

Lamulo la misewu limayankha mosazungulira. Msewu waukulu ngati M1 uli ndi malire ake, mamita 30 mbali iliyonse kuchokera pakati pa msewu, ndipo malo amenewo adasiyidwa dala kuti msewu udzakule, mudutse mapaipi a madzi, nthambo za magetsi ndi ngalande. Womanga kapena kuchita malonda m'malirewo amatengedwa kuti walowerera malo a msewu. Oikira kumbuyo lamuloli amati kupereka chipukutamisozi kwa munthu wotere n'kulipira wolakwa, ndipo mawa ena adzathamangira kukamanga m'mbali mwa msewu uliwonse womwe amva kuti ukuzidwa. Amatinso ndalama zolipira anthu zikachuluka, ntchito imachedwa ndipo mtengo wake umakwera, wovutika n'kukhala wokhoma msonkho yemweyo. Ena amangodula nkhani ndi mwambi: walira mvula walira matope.

Amisiriwo sakana mwambiwo, koma amati matopewo sadagwere onse mofanana. Mfundo yawo ndi yakuti adakhala pamalopo zaka zambirimbiri masana dzuwa likuswa mtengo, akudula ziphaso za malonda, popanda wowauza kuti ali pamsewu. Ngati malowo adali oletsedwa, ndalama ya chiphaso inkalandiridwa ya chiyani? Akuluakulu ena a m'derali amapita patali, amati makolo awo adafika kuno msewu uli kanjira kopapatiza, choncho malirewo ndi omwe adapeza anthu.

Palinso mbali ina yomwe imawawa kwambiri obwereka malo. Kumene chipukutamisozi chaperekedwa, owerengera amayeza zooneka: khoma, denga, mpanda, mtengo wa zipatso. Ndalamayo imapita kwa mwini nyumba. Wobwereka shedi, yemwe chuma chake chidali anthu omudziwa kuti amapezeka pamalo akutiakuti, alibe choti n'kuyezedwa ndi tepi. Bambo wa matabwa uja khoma la shedi yawo silidagwe, ndiye pa pepala lililonse iwo sadataye kanthu.

Odziwa za mapulani a mizinda nawo sagwirizana chimodzi. Ena amati malo a malonda ndi mumsika, ndipo msewu usiyidwe kwa magalimoto ndi oyenda pansi. Anzawo amakumbutsa za 2006, pomwe mavenda adachotsedwa m'misewu ya m'mizinda n'kulowetsedwa m'misika, koma patapita zaka ambiri adabwerera komwe kumadutsa anthu. Iwowa amati bola kujambuliratu popatukira magalimoto ndi poika katundu msewu usadamangidwe, kusiyana n'kumadzathamangitsana ndi anthu pambuyo pake.

Kupatula malonda, msewu wotambasuka wasinthanso kayendedwe ka m'mudzi. Anthu a mbali ziwiri za msewuwu amapemphera limodzi, ana awo amaphunzira sukulu zimodzi, amayi ali m'magulu amodzi a banki m'khonde. Kale kuwoloka kudali kungokweza dzanja, poti magalimoto ankayenda mokwawa. Tsopano agogo amaima kaye nthawi yaitali kudikira wowagwira dzanja, ndipo makolo ena amaperekeza ana mpaka kutsidya. Maliro akagwa, masamba aja oika pamsewu amagwirabe ntchito m'tinjira ta mkati, koma pa phula latsopanolo palibe woyendetsa amene amawaona.

Pali ena omwe msewuwu wawakomera ndipo sabisa. Oyendetsa minibasi akupanga maulendo ochuluka pa tsiku, odwala akufika msanga kuchipatala, ndipo eni nyumba zoyang'ana kumsewu ayamba kugwetsa mashedi akale n'kumanga mashopu a njerwa okwera mtengo wa lendi. Amisiri angapo asamukira m'tinjira ta kuseri, komwe phokoso la sowo likumveka pakati pa nyumba zogona.

Kumunsi kwa mlatho watsopanowo, timilatho tamatabwa tolumikiza misika ya mbali ziwiri za mtsinje tikadali pantchito. Eni ake amatolera kandalama kwa aliyense wowoloka, ndipo anthu amalipira osanyinyirika ngakhale mlatho waulere uli chapafupi. Wosenza dengu la tomato pamutu amawerenga mapazi ake, ndipo amadutsa pomwe pamufikitsa msanga kwa womugula.