Kodi Fungo Lingakhale ndi Mwini Wake?

Tsiku lina pa tchuthi ndinaperekeza agogo anga ku msika wa pa Boma la Mchinji. Iwo sanapondeko m'kalasi, koma pofuna kutumiza ndalama pa foni sanasokere konse. Anangolunjika pa kanyumba kofiira, nati kwa ine, "Kobiriwirako nka enawo, mdzukulu wanga." Kofiirako kanali ka Airtel, kobiriwira ka TNM. Pamenepo ndinazindikira kuti anthu ambiri sagula chinthu powerenga dzina lake ayi, koma poona mtundu ndi maumbidwe ake, kapena pomva kanyimbo kake pa wailesi.

Tsono awerengi, wamalonda amalembetsa chizindikiro chake ku boma kuti mnzake asamubere makasitomala pomutsanzira. Lamulo lakale la m'dziko muno, la chaka cha 1957, linkasamala zooneka ndi maso, monga dzina ndi chithunzi. M'chaka cha 2018 kunabwera lamulo latsopano limene limalandiranso zizindikiro zosaoneka, malinga mwini wake atazifotokoza bwino lomwe, ndipo chizindikiro chikalembedwa chimatetezedwa zaka 10.

Kunja anayamba kale zimenezi. Ku America botolo la Coca-Cola linalembetsedwa chifukwa cha maumbidwe ake, chimodzimodzinso kubangula kwa mkango wa m'mafilimu a MGM, ndipo mu 1995 bwalo lalikulu la kumeneko linagamula kuti mtundu pawokha ungathe kukhala chizindikiro.

Koma fungo ndilo lavuta akuluakulu. Nyimbo tingailembe pa pepala, mtundu tingaupatse nambala. Nanga fungo mungalilembe bwanji? Munthu wina wa ku Germany, Ralf Sieckmann, anayesa njira zitatu: analifotokoza m'mawu, analemba mankhwala ake monga tichitira m'phunziro la Chemistry, naperekanso kanthu konunkhirako. Mu 2002 bwalo la ku Ulaya linakana zonsezo, pakuti mawu sakwanira, ndipo fungo limasuluka pakapita masiku. Mu 2017 maiko a ku Ulayawo anachotsa lamulo lakuti chizindikiro chiyenera kujambulika, kotero kuti tsopano munthu angapereke mawu ojambulidwa pa makina kapena kavidiyo. Ndiganiza kuti nafenso tidzalowera komweko.

Ine mantha anga ali pa zinthu za tonse. Mayina satha, koma mitundu njowerengeka. Wina akatenga wofiira, wina wobiriwira, wina wachikasu, kodi mnyamata woyamba kumene geni adzapenta chiyani? Chotonthoza mtima nchakuti mtundu umaperekedwa pa malonda amodzi okha, ndiponso chinthu chimene katundu ali nacho mwachibadwa sichilembetsedwa. Wogulitsa chiponde sangatenge fungo la mtedza wokazinga kukhala lake, ngakhale atakhala wolemera chotani, chifukwa mtedza wonse wa ku Mkanda ndi ku Kapiri umanunkhira chomwecho.

Palinso vuto limene ife a m'malire timaliona ndi maso. Chizindikiro cholembetsedwa m'Malawi mphamvu yake imathera pa chipata cha Mwami. Mukafika ku Chipata muli pansi pa lamulo la Zambia, ndipo muyenera kupempha chitetezo cha kumeneko. Malawi analowa m'pangano la Madrid mu December 2018, limene limalola pempho limodzi kufika maiko ambiri, komabe dziko lililonse limaweruza palokha. Kotero kanyimbo kovomerezedwa kuno kangakanidwe tsidya linalo, pamene wailesi imene ikuimba kanyimboko imamveka mbali zonse ziwiri.

Wophunzira wa Fomu 3