Mlimi akonzekere uchembere monga akonzekera dzinja

Alimi anzanga, palibe mchikumbi wanzeru amene amayamba kusaka mbewu mvula yobzalira itagwa kale. Koma m'makomo ambiri kuno kwa Maseya, tsiku loti mayi achire limatipeza ngati mlendo wa usiku: ndalama palibe, njinga yaphwa, bambo ali kudimba ndipo mtsinje wadzaza. Lero tisiye kaye za thonje ndi mapira, tikambe za m'mene banja la mlimi lingakonzekere tsiku limeneli, ndiponso ntchito imene azamba a m'mudzi ali nayo masiku ano.

Azamba ndi lamulo

Kale amayi ambiri m'Chigwa cha Shire ankachilira kwa azamba, ndipo boma lenilenilo linkawaphunzitsa ndi kuwapatsa zipangizo. Koma imfa zidali zambiri. Kalembera wa zaumoyo wa m'chaka cha 2000 adaonetsa kuti pa ana 100,000 aliwonse obadwa amoyo, amayi 1,120 ankamwalira chifukwa cha uchembere. M'chaka cha 2007 boma lidaletsa azamba kubereketsa. M'chaka cha 2010 Pulezidenti Bingu wa Mutharika adalankhula zochotsa chiletsocho, komabe mfundo ya Unduna wa Zaumoyo idakhalabe yoti mayi azichilira kuchipatala. Pamene Mayi Joyce Banda adalowa m'boma mu 2012 adalimbikitsa ntchito ya uchembere wabwino pogwirizana ndi mafumu, ndipo m'midzi yambiri mudakhazikitsidwa chindapusa kwa banja limene mayi wachilira pakhomo. Pofika m'kalembera wa 2015-16, amayi 91 mwa 100 aliwonse ankachilira kuchipatala ndipo imfa zija zidatsika kufika pa 439.

Chifukwa chake nchosavuta kumva. Zimene zimapha amayi kwambiri ndi kutaya magazi, kuthamanga kwa magazi komwe kumakomola, mwana kukanika kutuluka ndi matenda olowa m'chiberekero mayi atachira. Zonsezi zimafuna jakisoni, diripi, magazi kapena opaleshoni. Mzamba, ngakhale akhale waluso chotani, zinthu zimenezi alibe. Mayi wotaya magazi kwambiri atachira angathe kumwalira pasanathe maola awiri.

Tsono ntchito ya mzamba lero si kubereketsa ayi. Ntchito yake nkudziwa amayi oyembekezera a m'mudzi mwake, kuwalimbikitsa kuyamba sikelo m'miyezi itatu yoyambirira, kuzindikira msanga zizindikiro zoopsa, ndi kuperekeza mayi kuchipatala mogwirizana ndi mlangizi wa zaumoyo.

Werengani miyezi ngati mlimi

Kuwerenga nkosavuta. Tengani tsiku loyamba la msambo womaliza, muonjezepo miyezi isanu ndi inayi ndi masiku asanu ndi awiri. Ngati msambo womaliza udayamba pa 10 Meyi, yembekezerani mwana cha pa 17 Febuluwale. Anamwino a kusikelo adzakuthandizani kutsimikiza.

Tsono ikani tsikulo pa kalendala ya ulimi. Mwana wobadwa pakati pa Disembala ndi Malichi amabwera nthawi imene nkhokwe zatha, kupalira kwakula ndipo mitsinje ya Shire ndi Mwanza ikusefukira. Tonse tikukumbukira madzi a mu Januwale 2015, namondwe Idai mu Malichi 2019, Ana mu Januwale 2022 amene adadula msewu wa M1 m'boma lathu lino, ndi Freddy mu Malichi 2023. Pa nthawi ngati zimenezo ambulansi siyingakufikeni. Mayi amene tsiku lake lagwa m'miyezi imeneyi apite kuchidikiro mwezi wachisanu ndi chinayi ukangoyamba, madzi asanatseke njira.

Ena ayenera kupita msanga ngakhale kukhale chilimwe: wa pathupi poyamba, mtsikana wosafika zaka 18, mayi amene wabereka kasanu kapena kuposerapo, amene adachitidwapo opaleshoni, woyembekezera mapasa, ndi amene anamwino amuuza kuti mwana sadakhale bwino. Oterewa malo awo ndi chipatala chokhala ndi chipinda cha opaleshoni, monga chachikulu cha pa boma la Chikwawa kapena cha Montfort ku Nchalo.

Ndalama, ulendo ndi munda

Ndalama za ulendowu zipatulidwe pa nthawi yogulitsa thonje, chitowe kapena mbewu za kudimba, osati m'Januwale pamene aliyense ali pa ganyu. Amene muli ndi mbuzi, sankhani imodzi muiike padera kuti ndi ya uchembere, isakhudzidwe pa za maliro kapena mowa. Amene muli ku banki m'khonde, sungani gawo lina pa nthawi yogawana.

Panganani ndi wa njinga yamoto kapena wa ngolo pasadakhale, mumve mtengo wake wa usiku, ndipo mukhale ndi wina wachiwiri. Foni ikhale ndi moto ndi mayunitsi. Mugwirizanenso kuti mwamuna akachokapo, ndani anganene kuti tiyeni tinyamuke. Amayi ambiri achedwa podikira bambo kapena apongozi kuti avomereze.

M'chikwama mukhale kabuku ka kuchipatala, zitenje zochapa bwino zosachepera zinayi, beseni, sopo, chipepala chakuda choyala, lezala latsopano losatsegula, ulusi, tochi ndi chipewa cha mwana. Muikenso padera ufa, nyemba kapena khobwe ndi nkhuni za wodikirira.

Munda nawo ukonzeke. Amayi ambiri amakana kuchidikiro chifukwa choopa kuti udzu utha mbewu kapena mbalame zitha mapira. Bambo apangane ndi abale za kupalira ndi kusamala ana otsala. Mayi woyembekezera asapopere mankhwala m'thonje, asasakanize mankhwalawo, ndipo asachape zovala zopoperera. Ntchito zolemetsa azigwira m'mawa kusanatenthe, amwe madzi ambiri, adye kholowa, chitambe, cham'mwamba, nsomba, mazira ndi mtedza. Azigona m'neti usiku uliwonse ndi kumwa mankhwala oonjezera magazi ndi a fansida monga anamwino alangizira, pakuti kuno malungo ndi kuchepa kwa magazi zimayendera limodzi.

Zizindikiro zosadikira kuti kuche

Nyamukani nthawi yomweyo mukaona izi: kutaya magazi ngakhale pang'ono, mutu waukulu ndi kuona chimbuuzi, kutupa nkhope ndi manja, kukomoka, kutentha thupi, nsupa kusweka matenda asanayambe, mwana kusiya kugunda, kapena matenda kupitirira maola 12. Mwanamphepo ndi zitsamba zina zofulumizitsa matenda zisayandikire mayi, chifukwa zingang'ambe chiberekero ndi kutopetsa mwana.

Mwana akabwera muli pakhomo kapena panjira

Ngakhale mutakonzeka, nthawi zina mwana safunsa. Zikatero wothandizayo asambe m'manja ndi sopo, ayale chipepala ndi chitenje choyera, ndipo asakanikize mimba kapena kukoka mwana. Mwana akabadwa amupukute msanga, amuike pachifuwa pa mayi wake khungu kwa khungu, awafunditse onse awiri ndi kumuveka chipewa. Mchombo aumange malo awiri ndi ulusi woyera nkudula pakati ndi lezala latsopano. Pamchombo asapakepo phulusa, dothi, ndowe kapena zitsamba. Asakoke mchombo pofuna kutulutsa nsengwa. Ikatuluka yokha aisunge kuti anamwino akaone ngati yatuluka yonse. Mwana ayamwe pasanathe ola limodzi, pakuti kuyamwako kumathandizanso chiberekero kubwerera ndi kuchepetsa magazi. Asasambitsidwe mpaka patapita tsiku lathunthu. Magazi akachuluka, tikitani pamimba mpaka chiberekero chilimbe uku ulendo ukuyambika.

Mayi ndi mwana afike kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale onse akuoneka bwino. Pano ndipemphe mafumu athu: chindapusa chisachititse banja kubisa mayi m'nyumba. Mbuzi ingathe kudikira, koma magazi sadikira. Mayi apite kaye kuchipatala, mlandu ukambidwe pambuyo.

Akuluakulu adati m'mera mpoyamba. Sabata ino bambo ndi mayi khalani pansi ndi kabuku ka kusikelo, muwerenge tsiku, musankhe chipatala, mupatule mbuzi, ndipo mukauze mzamba ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu zimene mwagwirizana.